Phunziro 21: Dzuwa Ligwire Ntchito M'koperativa Yathu

TIWERENGE

Dzuwa limatuluka m'mawa uliwonse. Limawala pa mudzi wa m'mbali mwa msewu, limawalanso pa mudzi wa kuseri kwa phiri. Sililipiritsa munthu. Ife alimi tidalidziwa kalekale. Timayanika chimanga padzuwa. Timayanika mfutso padzuwa. Anzathu a ku Metangula amayanika usipa padzuwa. Lero dzuwa lomwelo litha kuyatsa nyali, kutchaja foni ndi kukweza madzi kuchokera m'chitsime mpaka kudimba.

Koma dzuwa laulere si magetsi aulere ayi. Pakati pa dzuwa ndi nyali pali zipangizo. Zipangizo zimafuna ndalama, nzeru ndi chisamaliro. Ambiri a ife tidaonapo sola itakhala padenga koma m'nyumba muli mdima. Tidaonapo pampu yamphatso itafa, madzi akutungidwanso ndi ndowa. Phunziro lino likutiphunzitsa kugula bwino, kulipira bwino ndi kusamala bwino, kuti ndalama za thukuta lathu zisatayike.

MAWU ATSOPANO

Sola: galasi lotenga kuwala kwa dzuwa ndi kukusandutsa magetsi. Ena amati painel.
Batire: chosungira magetsi kuti tiwagwiritse ntchito usiku.
Regulador: kabokosi koteteza batire kuti isadzaze mopitirira ndiponso isatheretu.
Wati: muyeso wa mphamvu ya magetsi. Akachuluka timati mawati.
Pampu: makina okoka madzi. Ena amati bomba.
Garantiya: lonjezo lolembedwa la wogulitsa kuti chinthu chikafa msanga adzachikonza kapena kuchisintha.

CHIFUKWA CHIYANI MAWAYA SADAFIKE KWATHU?

Dziko lathu la Mozambique liri ndi damu lalikulu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, pafupi ndi Songo, m'chigawo cha Tete. Adalimanga m'nthawi ya atsamunda, kuyambira 1969 mpaka 1974. Mphamvu yake ndi mamegawati 2,075. Atsamunda sadalimange kuti liunikire midzi yathu. Adalimanga kuti agulitse magetsi ku South Africa, ndipo adakoka mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 kupita kumeneko. Gawo lalikulu la damuli lidachoka m'manja mwa Portugal kubwera m'manja mwa dziko lathu mu Novembala 2007.

Kampani ya boma ya EDM, imene idakhazikitsidwa mu 1977, yakhala ikukoka mawaya kumka kumaboma ndi kumatauni. Koma dziko lathu ndi lalikulu, ndipo nyumba zathu ziri patalipatali. Mtengo uliwonse wa magetsi ndi ndalama. Kilomita iliyonse ya waya ndi ndalama. Pamene pali nyumba zochepa, mawaya amachedwa kufika.

N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa bungwe la FUNAE mu 1997, kuti lifikitse mphamvu kumadera akumidzi. Bungweli laika masola m'masukulu ndi m'zipatala zambiri. Mu 2018 boma lidayambitsa ndondomeko yotchedwa Energia para Todos, ndi cholinga chakuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Mu 2021 lidatulutsa lamulo nambala 93/2021 lonena za magetsi a kumadera kumene mawaya a EDM sadafike. Minda ikuluikulu ya masola idatsegulidwa ku Mocuba mu 2019, ku Metoro mu 2022 ndi ku Cuamba mu 2023.

Minda ikuluikuluyo imathira magetsi ake m'mawaya a EDM. Ife okhala kutali ndi mawaya tiri ndi njira ina: sola yaing'ono ya panyumba, ndi pampu ya dzuwa ya kudimba. Chinanso chotithandiza ndi ichi: pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa masola pa dziko lonse udatsika kwambiri, mpaka kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Chinthu chimene kale chidali cha olemera okha, lero koperativa ya alimi itha kuchiganizira.

MAFUWA ATATU

Mphika suima pa fuwa limodzi. Suimanso pa mafuwa awiri. Umafuna atatu. Malonda a masola m'dera lathu nawonso amaima pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi katundu woona.
Fuwa lachiwiri ndi kalipiridwe kogwirizana ndi moyo wa mlimi.
Fuwa lachitatu ndi mmisiri wokhala pafupi.

Limodzi likasowa, mphika umagwa. Munthu wogula chinthu chonyenga amauza mudzi wonse kuti sola ndi bodza. Anthu amaleka kugula. Wogulitsa wabwino amaleka kubwera chifukwa ogula palibe. Otsala ndi onyenga okhaokha. Umo ndi mmene msika umafera. Tsono tiyeni tione fuwa lirilonse palokha.

FUWA LOYAMBA: KATUNDU WOONA

Pamsonkhano wa koperativa mayi wina adaimirira nati: "Ine ndidagula sola pamsika. Wogulitsa adati ndi ya mawati 100. Idali yotchipa. Patapita miyezi itatu nyali idayamba kuzima tisanamalize kudya nsima. Nditabwerera kumsika, munthu uja sindidamupeze."

Mlembi adafunsa: "Nanga risiti adakupatsani, mayi?"

"Iyayi. Adati chinthu chabwino sichifuna pepala."

Anzathu, safunsa adadya phula. Nambala yolembedwa kumbuyo kwa sola nthawi zina si yoona. Ife tsopano tikudziwa kuwerenga, ndipo kuwerenga ndi chida. Tisanatulutse ndalama, tifunse mafunso awa:

1. Kodi sitolo yanu iri kuti, kuti tikakupezeni chinthu chikafa?
2. Kodi garantiya ndi ya miyezi ingati? Ilembedwe papepala.
3. Kodi batire ikatha, ina tidzaigula kuti, ndipo pa mtengo wanji?
4. Kodi katunduyu adayesedwa? Pali ndondomeko yotchedwa VeraSol imene imayesa nyali ndi masola a panyumba ndi kulemba mayina a zimene zapambana mayeso. Wogulitsa woona saopa funso limeneli.
5. Kodi ndani m'dera lino adagula kwa inu chaka chatha? Tipite tikaone ndi maso athu ngati nyali yake ikuyakabe.

Tidziwenso ichi. Sola yabwino imatha zaka 20 kapena kupitirira. Chimene chimafa msanga ndi batire. Batire ya mtovu ndi asidi, yonga ya galimoto, imafa msanga tikamaikama mpaka kutheratu. Tisamapitirire theka la moto wake. Batire ya lithium imakhalitsa, koma mtengo wake ndi wokwera. Sola yolumikizidwa ku batire popanda regulador imapha batire.

Tisagulenso sola yaing'ono n'kuisenzetsa katundu wa ng'ombe. Tiyambe tawerengera zimene tikufuna kuyatsa.

FUWA LACHIWIRI: KALIPIRIDWE

Bambo wina adati: "Katundu woona ndi wodula. Ine ndalama zonsezo nthawi imodzi ndizitenga kuti?"

Funso limeneli ndi loona. Anthu a maiko ena adakumana nalo ife tisanakumane nalo. Ku Bangladesh, bungwe la boma la IDCOL lidagwirizana ndi mabungwe obwereketsa ndalama kumidzi. Banja linkapereka ndalama pang'ono poyamba, zotsalazo n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Kuyambira 2003 mpaka 2018 masola a panyumba opitirira 4 miliyoni adaikidwa m'dzikomo. Ku Kenya, kampani ya M-KOPA idayamba mu 2012 kugulitsa masola olipira pang'onopang'ono pa foni. Njira imeneyi idafikanso kwathu kuno. Lero timatha kulipira kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, osakwera galimoto kupita kutauni.

Njira yake imayenda motere. Timapereka ndalama yoyamba, n'kutenga sola kunyumba. Kenaka timalipira tsiku ndi tsiku, sabata ndi sabata kapena mwezi ndi mwezi. Tikalipira, nyali imayaka. Tikaleka kulipira, kabokosi kamadzitseka, nyali imazima. Tikamaliza ngongole yonse, kabokosi kamatseguka mpaka kalekale, ndipo sola ndi yathu.

Njirayi ndi yothandiza, koma ndi ngongole ndithu. Walira mvula walira matope. Pali zinthu ziwiri zoti tichenjere nazo.

Choyamba, wolipira pang'onopang'ono amalipira zambiri kuposa wolipira kamodzi. Tisamve chabe kuti "patsiku ndi ndalama yochepa." Tifunse kuti zonse pamodzi zikwana zingati. Tifunsenso kuti tikachedwa masiku angati adzabwera kudzalanda, ndipo akalanda, zimene tidalipira kale zidzatani.

Chachiwiri, ndalama ya mlimi siibwera mwezi uliwonse ngati ya mphunzitsi. Imabwera pokolola, kuyambira Epulo mpaka Julayi. Imabweranso pogulitsa za kudimba, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe imakhala itatsika, ndipo ndalama iriyonse imapita ku chakudya ndi feteleza. Tsono mlimi wanzeru amalipiriratu miyezi ya njala pa nthawi yokolola.

Apa ndi pamene koperativa imaonetsa mphamvu zake. Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akapita kwa wogulitsa, amalandira mtengo umene wauzidwa. Mabanja 20 akapita pamodzi, amakambirana mtengo. Atha kupempha kuti malipiro akulu agwe pa nthawi yokolola. Atha kuuza wogulitsa kuti abweretse katundu mpaka kumudzi. Wogulitsa naye amapindula, chifukwa ulendo umodzi wagulitsa 20. Tiri nayonso njira yathu yakale ya chipereganyu, imene anzathu a kumwera amati xitique. Mwezi uno ndalama zonse zipite kwa mmodzi akagule, mwezi wamawa kwa wina, mpaka aliyense atalandira.

FUWA LACHITATU: MMISIRI WAPAFUPI

Mkulu wina wa koperativa adakumbutsa anthu za pampu imene mudzi udalandira ngati mphatso. "Tidavina tsiku limene idabwera," adatero. "Idagwira ntchito zaka ziwiri. Kenaka kachitsulo kamodzi kadafa. Obweretsa aja adali atapita. Palibe adadziwa kukonza. Palibe adasunga ndalama. Aliyense ankati ndi ya eni ake. Lero ana amaseweretsa mapaipi ake."

Mphatso si yoipa. Sukulu ndi chipatala zimafunadi thandizo. Koma chinthu chopanda mwini chimafa ndi kachilema kakang'ono. Mphatso yogawidwa mosaganiza imathanso kupha malonda. Ku Bangladesh komwe kuja, mawaya a boma atafalikira ndipo masola aulere atayamba kugawidwa, malonda a masola adatsika kwambiri, ndipo ambiri adaleka kubweza ngongole zawo. Ndani angalipire chinthu chimene mnzake walandira chaulere?

Tsono ife, kaya tagula kaya talandira, tichite zinthu zitatu. Tisankhe achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, kuti aphunzire kulumikiza ndi kukonza. Tiuze wogulitsa kuti awaphunzitse pa tsiku loika. Tiwalipire akagwira ntchito, chifukwa umisiri ndi ntchito ngati kulima. Mmisiri akamapeza ndalama pamudzi, sathawira kutauni. Iye amayamba kusunga mababu, mawaya ndi mafyuzi, ndipo kasitolo kamabadwa. Ndalama zathu zimazungulira m'dera lathu lomwe.

KUSAMALA SOLA

Ife tiri kumwera kwa dziko lapansi. Dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu miyezi yambiri ya chaka. Tsono sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, ngati madigiri 15, kuti mvula izitsuka fumbi.

Mthunzi ndi mdani wa sola. Nthambi imodzi ikaphimba kachigawo kakang'ono, mphamvu ya sola yonse imatsika. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala ndi zitosi za mbalame zimachita chimodzimodzi. Tipukute ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, m'mawa galasi lisanatenthe. Tisagwiritse mchenga kapena phulusa ngati tikutsuka mphika.

Batire ikhale pamthunzi, podutsa mpweya, kutali ndi moto ndi ana. Batire yakufa tisaiswe ndipo tisaitaye kudambo. Mtovu ndi asidi ndi poizoni kwa ana, ku ziweto ndi ku madzi. Tiibweze kwa wogulitsa.

DZUWA KUDIMBA

Mafuwa atatu aima. Nanga mumphika muli chiyani? Nyali imatithandiza kuwerenga usiku, ndipo imachotsa utsi wa koloboyi m'nyumba. Koma nyali siibala ndalama. Chimene chimabala ndalama ndi madzi a kudimba.

M'chilimwe ndiwo zamasamba zimafuna madzi pafupifupi malita 5 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, tsiku lirilonse. Mu Okutobala, kukatentha, zimafuna ochuluka. Amene amasenza madzi amenewa kawirikawiri ndi amayi ndi ana. N'chifukwa chake madimba athu amakhala aang'ono. Malo alipo, mbewu ziripo, koma msana umatopa.

Pampu ya dzuwa siifuna petulo. Yambiri siifunanso batire. Dzuwa likakwera, imakoka madzi ndi kuwathira m'thanki yoikidwa pamwamba. Thanki ndiyo nkhokwe ya madzi. Madzulo kapena m'mawa timatsegula mpopi, madzi amatsika okha kupita m'mizere. Ubwino wake ndi uwu: miyezi imene mbewu zimamva ludzu kwambiri ndi yomweyo imene dzuwa limawala kwambiri.

Tisanagule pampu, tiyeze zinthu zitatu. Tiyeze kuya kwa chitsime ndi kutalika kwa thanki, chifukwa pampu ikamakweza madzi patali imatulutsa ochepa. Tiyeze kukula kwa dimba. Tiyeze madzi a m'chitsime mu Okutobala, osati mu Malichi. Pampu yokoka pouma imapsa. Manambala atatuwa tiwalembe m'buku ndi kupita nawo kwa wogulitsa. Tifunsenso mlangizi wa zaulimi wa m'dera lathu.

Madzi a dambo si athu tokha. Pampu siitopa, ndipo ikasiyidwa tsiku lonse itha kuumitsa chitsime cha mnzathu wa kumunsi. Tipangane masiku ndi maola othirira. Tiphimbire mizere ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Tipanganenso za ulonda, chifukwa sola yosiyidwa kudimba usiku imakopa akuba.

Pomaliza, tiganize za kogulitsa tisanafese. Tonse tikabzala matimati sabata imodzi, tonse tidzakolola sabata imodzi. Msika wa ku Ulongwe udzadzaza, mtengo udzagwa, matimati adzaolera m'madengu, koma ngongole ya pampu siidzadikira. Tifese mosiyanitsa masabata awiriawiri. Tisiyanitsenso mbewu: ena kabichi, ena anyezi amene amasungika, ena mbatata ya kachewere, ena chimanga chachiwisi. Zikachuluka, tisonkhe ndalama ya galimoto imodzi yopita ku Tete.

MASAMU

Mitengo iri m'munsimu ndi yongoyerekeza. Tikamaliza, tibwerezenso ndi mitengo yeniyeni ya kwathu.

1. Banja limagula mabatire a tochi ndi makandulo a mametikali 40 pa sabata. Limalipiranso mametikali 20 pa sabata potchajitsa foni. Pa sabata ndi 40 + 20 = 60. Chaka chiri ndi masabata 52. Pa chaka ndi 60 x 52 = 3,120. Nanga pa zaka 3 ndi zingati?

2. Sola ya panyumba ikugulitsidwa mametikali 10,000 polipira kamodzi. Polipira pang'onopang'ono, choyamba ndi 1,000, kenaka 500 mwezi uliwonse kwa miyezi 24. Timawerengera: 500 x 24 = 12,000. Kuphatikiza 1,000 ndi 13,000. Kodi wolipira pang'onopang'ono waonjezera zingati?

3. Pofuna kudziwa moto wofunika patsiku, timachulukitsa mawati ndi maola. Nyali 3 za mawati 3 zoyaka maola 4: 3 x 3 x 4 = 36. Wailesi ya mawati 5 yolira maola 4: 5 x 4 = 20. Mafoni 2 amadya 20. Zonse pamodzi ndi 76. Dzuwa lamphamvu tiliwerengere maola 5 patsiku. Sola ya mawati 20 imapereka 20 x 5 = 100, koma gawo limodzi mwa magawo 4 limatayika m'mawaya ndi m'batire, n'kutsala 75. Kodi ikukwana? Nanga tsiku la mitambo? Tiyese ndi sola ya mawati 30.

4. Dimba la koperativa ndi mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Kukula kwake ndi 50 x 50 = 2,500. Madzi a tsiku limodzi ndi 2,500 x 5 = malita 12,500. Keni imodzi imalowa malita 10. Kodi ndi makeni angati patsiku? Mamembala 20 akagawana, aliyense asenza angati?

5. Koperativa yapangana kusunga mametikali 10,000 chaka chirichonse okonzera pampu ndi kudzagulira ina. Mamembala ndi 20. Aliyense apereka zingati pa chaka? Pa zaka 6 thumba likhala ndi zingati?

TIKAMBIRANE

1. Ndani m'mudzi muno ali ndi sola imene yatha zaka ziwiri ikugwira ntchito? Adaigula kuti? Amaisamala bwanji?
2. Ndani adanyengedwapo? Ndi funso liti limene likadamupulumutsa?
3. Koperativa yathu iyambe ndi chiyani, nyali za m'nyumba kapena pampu ya kudimba? Chifukwa chiyani?
4. Amayi ndiwo amasenza madzi ambiri. Kodi ali m'komiti yoyang'anira pampu ndi thumba la ndalama?
5. Membala akalephera kulipira chifukwa cha matenda kapena maliro, tidzamuthandiza bwanji kuti nyali yake isazime?

TILEMBE

Tilembe m'makope athu ziganizo izi:

Dzuwa ndi laulere, koma zipangizo zimafuna chisamaliro.
Sitigula popanda risiti ndi garantiya.
Timawerengera tisanatenge ngongole.
Madzi a dambo ndi a tonse.

NTCHITO YA SABATA INO

Tigawane m'magulu atatu. Gulu loyamba liyende nyumba ndi nyumba, lilembe ndalama zimene banja lirilonse limawononga pa sabata pogula kuwala ndi kutchajitsa foni. Gulu lachiwiri litenge chingwe, liyeze dimba ndi kuya kwa chitsime. Gulu lachitatu lipite kwa ogulitsa awiri kapena atatu ndi mafunso asanu aja, lilembe mayankho awo ndi mitengo yawo, koma lisapereke ndalama iriyonse.

Pamsonkhano wotsatira mlembi adzawerenga zonse pamaso pa anthu, ndipo msungichuma adzanena zimene ziri m'thumba. Tikatero tidzasankha pamodzi, manambala ali m'manja mwathu.